Mkwatibwi Wachisanu

1

Ndatopa nako kufotokozera anthu mmodzimmodzi pakhomo la tchalitchi, ndiye ndingolemba kamodzi, wofuna kundiweruza andiweruze atamva zonse. Dzina langa ndine Nargis. Ndimakhala m'tawuni yaing'ono kufupi ndi Minya, ndipo ntchito yanga ndi yowerengera ndalama pa sitolo yaikulu ya mankhwala. Anthu ankati ndine wouma mtima. Ine ndinkati ndine wolongosoka basi.

Chaka chimenecho mwana wathu mmodzi yekhayo, Verina, anali atatomeredwa ndi Kirolos, mwana wa Mukadisi Labib. A Labib anapita ku Yerusalemu kamodzi ali mnyamata, n'kuwina dzina la Mukadisilo, ndipo mpaka lero sitinapume nazo nkhani za ulendowo. Ali ndi sitolo zikuluzikulu za matailosi. Pafupifupi theka la ndalama za Abale a Ambuye, bungwe la mpingo wathu lothandiza osauka, linkachokera m'thumba mwawo. Mwamuna wanga Wagdi amakonza mawotchi m'kasitolo kopanikizika pafupi ndi siteshoni ya sitima.

Akazi a Mukadisi, Madamu Samiha, sanabise kuti mwana wawo wadzitsitsa. Tsiku lovekana mphete anamwazamwaza maso pabalaza pathu n'kumwetulira.

"Kanyumba kabwino, asewere. Kosavuta kusesa."

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinadziwa kuti ukwati wa mwana wanga waima pa chinthu chimodzi: tsiku lonyamula katundu. Mwamuna apeze nyumba ndi mipando, koma firiji, chitofu, makina ochapira, mapoto, matiresi ndi zofunda n'za kwa mkazi. Zonsezo zimayenda pagalimoto zosafunda msewu wonse ukuona, kenako apongozi amamasula chimodzichimodzi pamaso pa akazi anzawo. Ndikaganiza za manja a Madamu Samiha pa katundu wathu, tulo tinkandithawa.

"Siyirani ine, mayi a Verina," anatero Wagdi. "Ndakhala ndikuika pambali pang'onopang'ono chibadwire mwanayu."

Zinalidi zoona. M'nyengo ya kusala kudya katundu anayamba kufika pagalimoto ya sitolo, zonse zatsopano, zili m'mapulasitiki. Chipinda chakumbuyo chinadzaza. Ndinkaitana akazi a pamdadada pathu kuti adzasuzumire, ine n'kumayenda mutu uli m'mwamba.

2

Pasaka itadutsa, Mukadisi Labib anadandaula m'komiti ya mpingo. Ana a mpingo amene ali ku Kuwait ndi ku Canada ankafunsa kumene ndalama zawo zikupita, ndipo iwonso ankafuna kudziwa. Anati pafunika munthu woti aunike chuma ndi ntchito zonse za bungwe.

"Asewere angawa ndiye akatswiri," anatero akundiloza. "Ngakhale kakobiri kakabisala pansi pa mphasa amakapeza."

Kanali koyamba banja limenelo kunditamanda pagulu. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Wagdi atamva anaika kapu ya tiyi pansi.

"Kanani."

"Ndikane bwanji? Mwamva amene wandisankha?"

"Muli ndi ukwati pamutu. Za anthu osauka zimenezi zisiyeni kwa Abuna, wansembe wathu."

"Bambo a Verina, mwayamba liti kuopa malisiti a anthu ena?"

Anatenga jekete n'kupita kusitolo kwake, ngakhale linali Lamlungu.

Bungwelo linkayendetsedwa ndi Tasoni Fayiza, mayi wachikulire wosakwatiwa amene kale ankaphunzitsa zosokasoka kusukulu ya atsikana. Malisiti ankasunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo nditachiona ndinachita kugwira mutu. Komabe za chakudya zinayenda bwino: mpunga, mafuta, mphodza ndi shuga zinkafika kwa amasiye mwezi uliwonse. Za mankhwala a nkhalamba zinali zosokonekera, koma nditazisanja panalibe chosowa.

Vuto linali pa katundu wa akwatibwi, pamene pankapita ndalama zambiri. Chaka chimenecho bungwe linagulira atsikana asanu. Mayina awo sanalembedwe paliponse. Ankawadziwa ndi Tasoni ndi wansembe wathu, Abuna Filimon, basi. Katundu ankamutumiza pagalimoto ya sitolo kuti anthu oyandikana nawo aziyesa kuti banja lagula lokha.

"Sindingasayine chimene sindinachione," ndinatero.

Abuna anausa moyo. "Chabwino. Uzipita ndi Tasoni ngati mlendo wodzacheza. Koma dzina la munthu lisatuluke pakamwa pako."

3

Nyumba yoyamba inali ya mtsikana wina, Demiyana, wokwatiwa ndi woyendetsa tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu. Anatipatsa tiyi wotsekemera kwambiri, n'kundionetsa firiji yake ndi chitofu. Apongozi ake atatuluka kukagula buledi ndinafunsa motsitsa mawu.

"Ndidziwa bwanji kuti izi n'za bungwe? Munthu atha kubwereka firiji kwa mnzake akamva kuti kukubwera alendo."

Demiyana anayang'ana Tasoni, kenako anandikokera kuchipinda. Anatenga chofunda chake cha thonje, n'kupinda ngodya imodzi, pansi pa mpendero. Panali kamtanda kakang'ono kosokedwa ndi ulusi wofiira.

"Ndi kupusa kwa nkhalamba chabe," anatero Tasoni mwamanyazi. "Chofunda chilichonse chimagona kwanga kaye. Ndimasokapo kamtanda ndikumupempherera mwanayo, chifukwa ambiri mwa iwo alibe mayi wowapempherera. Amene amadziwa ndi ine ndi eni akewo, ndikawauza ukwati utadutsa."

"Apongozi anga amadziwa kuti anagula ndi amalume anga a ku Libya," anatero Demiyana akuseka. "Amalumewo sindinawaonepo, koma tsiku lililonse timawapempherera."

Ine sindinaseke. Ndinali wokondwa kuti ndapeza umboni wosakanika. Tinayenda nyumba zinayi, ndipo m'nyumba zonse zinayi ndinapeza kamtanda kofiira.

"Nanga wachisanu?"

"Sanakwatiwe," anatero Tasoni.

"Katundu wake ali kuti?"

"Ali kwawo."

"Tiyeni tikamuone."

"Kumeneko sindingakutengere, mwana wanga."

Ndinapita kwa Abuna Filimon. Anandimvetsera akusisita ndevu zawo.

"Mtsikanayo ndikumudziwa. Lemba kuti ndaona ine."

"Abuna, ndikalemba zimene mwaona inu, asayine ndi ndani? Anatuma ine."

"Nargis, ndinakukwatitsa ndine, mwana wako ndinamubatiza ndine. Sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikukupempha, isiye nkhaniyi."

Ndinawapsompsona dzanja n'kutuluka mtima ukuwira. Sabata yomweyo Madamu Samiha anandinong'oneza kuti mwana wa mchimwene wake wa Tasoni wangokwatira kumene, ndipo m'nyumba mwake muli firiji yaitali kuposa iye mwini. Mutu wanga unalumikiza zonse. Ndinati Abuna akuteteza nkhalamba yawo, ndipo ine sindidzagonja.

4

Komiti inakumana m'holo ya tchalitchi Misa itatha. Madamu Samiha analiponso, poti ndiwo ankatsogolera amayi. Ndinawerenga lipoti langa: chakudya chili bwino, mankhwala akufunika kulemba mwadongosolo, akwatibwi anayi ndawaona, wachisanu sakupezeka.

Mukadisi Labib anapendeketsa mutu.

"Anayiwo mwatsimikiza bwanji, asewere? Anthu osauka ndi ochenjera. Mwina akuonetsani za anansi awo."

Akanandifunsa wina aliyense ndikanangoti ndatsimikiza. Koma anali iwo, ndipo ndinafuna aone kuti sanasankhe chitsiru.

"Katundu wa bungwe ali ndi chizindikiro," ndinatero. "Chofunda chilichonse chili ndi kamtanda ka ulusi wofiira pangodya, pansi pa mpendero."

"Nargis!" anakuwa Abuna.

Tasoni anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ine ndinadabwa nawo, poti dzina la munthu sindinatchule.

"Ulusi wofiira," anatero Madamu Samiha pang'onopang'ono. "Ha! Ndiye tiona amalume a ku Libya ambiri chaka chino."

Ena anaseka, poti kwathu kuno banja losauka likaoneka ndi katundu wambiri limati wachokera kwa amalume a ku Libya. Komiti inagamula kuti Tasoni atchule mkwatibwi wachisanu, apo ayi ayambe wasiya kaye ntchitoyo. Mayi uja anaimirira movutikira, chifukwa maondo ankamuvuta, n'kuika makiyi a nyumba yosungira katundu patebulo.

"Sinditchula," anatero. "Nditchuleni wakuba ngati mukufuna. Ndakalamba, sizindilemera."

Potuluka Mukadisi anandigwira chanza kwa nthawi yaitali. Kunyumba ndinafotokozera Wagdi za makiyi, za ulusi sindinaone chifukwa chowauzira amuna. Iye anakankhira mbale kutali.

"Mayi uja sanabe."

"Mukudziwa bwanji inu?"

Anandiyang'ana. Nthawi yomweyo Verina analowa atanyamula nsalu ya diresi la ukwati, akufunsa ngati yayera mokwanira. Wagdi anamuuza kuti ndi yokongola, n'kutuluka panja. Kuyambira tsiku limenelo ankachoka m'mamawa n'kubwera ine nditatopa kale, ndipo ndinkati ali kalikiliki ndi zokonzekera.

5

Kutatsala masiku ochepa kuti tinyamule katundu, masana ena kunja kukutentha, wina anagogoda. Anali Tasoni Fayiza, ali wefuwefu chifukwa cha masitepe.

"Amuna ako ndawafuna kusitolo, n'kotseka. Foni sakuyankha."

"Mukuwafuniranji?"

"Ndabwera kudzaona katundu wa mwana, ndimudalitse. Ndilowe ndekha kamphindi chabe, sindikuvutitsa."

M'chikwama chake chotsegula ndinaona kasizasi kake kosokera, koma ankayenda nako kulikonse, ndiye sindinaganize kanthu. Ndinaima pakhomo osasuntha.

"Tasoni, nkhani yanu sinathe. Mukalowa muno anthu adzati mwabwera kudzandigula."

"Ndilibe chokugulira, Nargis."

"Pepani. Mudzabwere kuukwati."

Anandiyang'anitsitsa. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo zimenezo zinandinyansa kwambiri.

"Ndiye undichitire chimodzi. Zofunda uzimasule wekha usanazitumize, uziyanike padzuwa, uzione bwinobwino. Thonje likakhalitsa m'pulasitiki limanunkha."

Anatsika masitepe atagwira khoma. Kumasula sindinamasule. Ndinkafuna Madamu Samiha ang'ambe okha mapulasitikiwo, aone kuti palibe chinagwiritsidwapo ntchito.

6

Tsiku lonyamula katundu linali labwino kuposa mmene ndinkalotera. Galimoto zinadutsa pakati pa tawuni, anyamata akuimba ng'oma, amayi akululutira, firiji itaima pamwamba itamangidwa maliboni. Anthu ankatuluka pamakonde kudzaona. Verina anali kuseka ndi anzake, ine ndikudziuza kuti zatha, tapambana.

Nyumba ya akwati inali pamwamba pa sitolo ya matailosi. Amuna anakweza katundu n'kutsikanso, akazi tinadzaza m'zipinda. Madamu Samiha anagogoda mapoto ndi chala, anatsegula firiji, anawerenga matawulo, ndipo sanapeze ponyoza. Nkhope yawo inayamba kufewa.

Kenako anang'amba pulasitiki ya chofunda chachikulu cha pabedi. Chichokere kumsonkhano kuja anali atazolowera nthabwala imodzi, kulikonse kumene alowa ankapinda ngodya za zofunda za eni nyumba.

"Tiyeni tione ngati asewere anga sanatibweretsere za kwa Tasoni," anatero, akazi onse n'kuseka.

Inenso ndinaseka. "Onani ngodya zonse zinayi, Madamu. Musasiye ngakhale imodzi."

Anapinda yoyamba, kenako yachiwiri. Pa yachitatu dzanja lawo linaima.

Ndinasendera pafupi. Kamtandako ndinali nditakaona kale kanayi, msoko wake ndinkaudziwa bwino.

"Amayi?" anatero Verina. "Chimenechi n'chiyani?"

Madamu Samiha anaimirira, chofunda chili m'manja.

"Ndiye nyumba tagula ife, mipando tagula ife, firijinso ndi ndalama za amuna anga? Mkwatibwi wachisanu uja ndi ameneyu? Ndipo inu munaima pamaso pa Abuna n'kumatifunsa kuti ali kuti?"

"Sindinkadziwa," ndinatero, koma mawu sanamveke bwino.

Wina anali atathamanga kale kukaitana amuna. Wagdi analowa thukuta lili kamukamu, Mukadisi ndi Kirolos ali pambuyo pake. Anaona chofundacho, anaona nkhope yanga, mapewa ake n'kugwa.

"Ndine ndinapita kwa Abuna," anatero. "Mkazi wanga sankadziwa, mwananso sankadziwa. Masiku ano aliyense amaona nthawi pafoni. Ndimakhala m'sitolo muja tsiku lonse osalowa munthu. Zimene ndinasunga zinathera lendi kalekale."

"Bwanji osandiuza, bambo a Verina?"

"Ndikanayambira pati? Inu simulepherapo kanthu."

Kirolos anayesa. "Amayi, n'chofunda chabe. Ine ndikukwatira Verina, osati firiji."

"Khala chete iwe," anatero Mukadisi. "Umphawi si mlandu, koma atinamiza. Ukwati uyambe waima, tikambirane bwino."

Mwina zikanathera pomwepo, n'kudzakonzeka pakapita miyezi. Koma Madamu Samiha anatembenukira kwa akazi anzawo, n'kulankhula mwachifundo chonse chimene anali nacho.

"Musamuseke mwanayu. Tidzamusunga ngati mmene timasungira osauka enawo."

Verina anayang'ana Kirolos. Mnyamatayo anayang'ana pansi. Mwana wanga anavula mphete pang'onopang'ono, n'kuiika pamwamba pa makina ochapira, kenako anagwira bambo ake dzanja.

"Tiyeni kwathu, ababa."

Ine sanandiitane. Ndinatsika pambuyo pawo ndekha. Katundu anabwerera madzulo omwewo atafunditsidwa lona, popanda ng'oma.

7

Komiti inapepesa Tasoni n'kumubwezera makiyi, koma sanawalandire. Anati maso ayamba kumuvuta. Ndinapita kwawo kukagwada, ndipo anandidzutsa, anandiphikira tiyi, n'kufunsa za Verina. Akanandikalipira mwina bwenzi ndikugona bwino.

Nkhani ya ulusi inayenda tawuni yonse. Apongozi anapinda zofunda za akazi a ana awo. Atsikana ena anachotsa msokowo msanga, koma timabowo ta singano tinkaonekabe. Demiyana anabwerera kwa azakhali ake kwa miyezi ingapo, chifukwa apongozi ake ankamufunsa m'mawa uliwonse ngati amalume a ku Libya atumiza moni. Ndikakumana naye kumsika amawolokera tsidya lina la msewu. Chaka chotsatira palibe banja limene linabwera kudzapempha katundu wa mkwatibwi. Ena anakongola kwa akatapila, ena anangosiya ukwatiwo.

Verina akuphunzitsa ku Alexandria tsopano. Amaimba foni Lamlungu lililonse, pa foni ya bambo ake, ndipo pomaliza amati, "Muwapatse moni amayi." Wagdi amapitabe kukasitolo kake. Sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinamunene. Timadya limodzi, timakamba za mtengo wa tomato.

Inu amene mukuwerenga, sindikukuuzani kuti ndalama za mpingo zisamaunikidwe. Ziyenera kuunikidwa, ndipo lipoti langa linali loona kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pomaliza zinadziwika kuti palibe ndalama inasowa, akwatibwi onse asanu analandira katundu wawo. Ena a inu mudzati wolakwa ndi Wagdi pobisa, ena mudzati ndi Madamu Samiha ndi pakamwa pawo. Ndadzifunsa zimenezo mpaka ndatopa. Chimene ndikudziwa n'choti anthu atatu anandipempha kuti ndiime, aliyense m'njira yake, ndipo onse ndinawayesa akuba kapena amantha. Ndinafufuza m'zipinda zogona za ana a anthu ena, koma mwamuna amene ndimagona naye chipinda chimodzi sindinamufunsepo kuti ntchito ikuyenda bwanji. Mukadzatumidwa ntchito ngati yanga, mudzaigwire. Koma wosauka akakupindirani ngodya ya chofunda chake kuti muone, mudziwe kuti wakukhulupirirani, ndipo zimene mwaonazo si zanu zoti mukadzitamire nazo.

Firiji, chitofu ndi makina tinabweza ku bungwe, ndipo anazipereka mwakachetechete kwa mtsikana wa kumudzi wina wakutali. Chofunda chokha anakana kulandira, poti palibe mkwatibwi angachifunenso. Chili kwathu. M'nyengo yozizira timafunda chomwecho ine ndi Wagdi. Kangapo konse ndatenga sizasi kuti ndichotse kamtandako, koma ndimakumbukira kuti mayi uja anasoka akupempherera mwana wanga, ndiye ndimabweza sizasiyo m'kabati.